Zomwe okestra inandiphunzitsa pa nkhani ya phokoso mu makwaya athu

Akwayamasita anzanga ndi inu nonse oimba kiyibodi m'matchalitchi muno, nkhani iyi ndakhala ndikuifotokoza pakamwa kwa anthu ambiri, pa maukwati, pa mafesitivo a makwaya, pena pa depoti podikira minibasi, nde ndaona kuti bola ndingoilemba aliyense awerenge pa nthawi yake. Funso limene amandifunsa limakhala lomwelomwelo, loti zimatheka bwanji kuti kwaya yanu ikamaimba mawu amamveka onse chonsecho muli ndi kiyibodi, besi gitala, ma drums ndi malipenga omwe, kodi muli ndi mikisa yodula? Mikisa yathu ndi yakale ndithu, yofanana ndi imene ili m'matchalitchi ambiri kuno ku Kasungu kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya. Chimene chinasintha ndi kawerengedwe ka anthu ndi malo amene aliyense amaima, ndipo zimenezi ndinazitola ku okestra, gulu lalikulu lija la anthu oimba zida zosiyanasiyana pamodzi.

Monga anyamata ambiri a kuno nane ndinapitako ku Joni kukasaka. Ndinapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya agogo ena achizungu, ndipo Lamulungu ndinkaimba kiyibodi pa kagulu ka a Malawi timene tinkapemphera limodzi. Agogowo atadziwa kuti ndimakonda zoimba anayamba kumandigulira tikiti akamapita kukaonera Johannesburg Philharmonic Orchestra ku Linder Auditorium ku Parktown, amvekere "m'malo modikira mu galimoto panja tiye ukamve nawo". Mulungu awadalitse kumene ali.

Chinthu choyamba chimene maso anga anafunafuna nditakhala pansi ndi masipika, chifukwa ife tinazolowera kuti pamene pali zoimba pamakhala mulu wa masipika mbali iyi ndi mbali iyo, mawaya ali pikitipikiti pansi. Munalibe. Anthu ochuluka chonchija pa siteji, holo yaikulu, koma palibe ogwira maiki, palibe ampulifaya, palibe munthu okhala pa mikisa kumakweza uyu kutsitsa uyo. Koma atayamba kuimba ndinkamva chilichonse, ngakhale kachitoliro kamodzi kakalowa kokha kamafika mpaka kumbuyo kumene ndinakhala, ndipo onse akalowa pamodzi mpando umachita kunjenjemera koma khutu osapweteka. Apa mpamene ndinayamba kuwerenga anthu, gulu ndi gulu, ndipo kabuku ka pulogalamu kamene amapereka pakhomo kamandithandiza chifukwa amalembamo oimba onse motsatira chida chimene amaimba.

Okestra yathunthu imakhala ndi anthu pakati pa 70 ndi 100, kutengera nyimbo imene akuimba tsikulo. Zida zake zili m'mabanja anayi, za nsambo, zouzira zimene amati woodwind, malipenga achitsulo aja a brass, ndi zomenya. Koma musaganize kuti amagawana mofanana kuti banja lililonse anthu 25, ayi. Oposa theka amakhala a nsambo okhaokha.

Kawerengedwe kodziwika ka okestra yaikulu nkakuti mavayolini oyamba 16, mavayolini achiwiri 14, maviyola 12, machelo 10, ndi madabulo besi 8, onse pamodzi 60. Ikakhala yocheperako amachita 14, 12, 10, 8, 6 kukwana 50, kapena 12, 10, 8, 6, 4 kukwana 40. Taonani mmene manambalawo akutsikira, chida chikamakula oimba ake akuchepa, ndipo onse ndi manambala ogawika pawiri chifukwa a nsambo amakhala awiriawiri pa sitandi imodzi ya manotsi, wina akamatembenuza pepala mnzake amapitiriza kuimba kuti nyimbo isaduke. Vayolini yoyamba ndi yachiwiri ndi chida chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi mawu amene apatsidwa basi, oyamba nthawi zambiri amatenga nyimbo yeniyeni pamwamba, achiwiri amayenda munsi mwawo. Viyola imaoneka ngati vayolini koma ndi yokulirapo pang'ono ndipo mawu ake ndi okhuthala, chelo amaimba atakhala pansi ataiika pakati pa miyendo, dabulo besi nde ndi chimphona choti woimbayo amaimirira kapena kukhala pa situlu yaitali. Kwa ife a kwaya izi sizovuta kumva, ndi sopulano, alito, tena ndi besi, kungoti besi yawo ili pawiri.

Anyamata a besi gitala imvani izi, nsambo zinayi za dabulo besi amazichuna E, A, D, G, chimodzimodzi besi gitala yanuyo. Vayolini ndi G, D, A, E, pomwe viyola ndi chelo ndi C, G, D, A koma chelo ili octave imodzi pansi, kutanthauza mtunda wochokera pa do kutsika kufika pa do wina wa munsi. Uta umene amakhwekhwesera nsambozo umakhala ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi ndipo amaupaka utomoni wouma kuti uzigwira nsambo, ukapanda kupakwa umangoterera osatulutsa mawu. Ndipo mukawayang'anitsitsa a gulu limodzi mauta awo amakwera limodzi kutsika limodzi, sizongochitika ayi, mtsogoleri wa gulu lililonse amachita kulemba pa pepala ndi pensulo kuti apa tikoka apa tikankha. Wamkulu wa onse ndi uja amakhala mpando woyamba wa mavayolini oyamba kumanzere kwa kondakitala, amamutchula concertmaster, ndi amene amaimirira nkuuza gulu kuti tichune.

Nanga nchifukwa chani mavayolini 30 pomwe tuba, lipenga lalikulu lija lolira pansi, ndi imodzi? Ili nde funso limene linandisowetsa tulo, ndipo yankho lake ndi limene ndikufuna mulitenge. Vayolini imodzi ili ndi mawu ochepa kwambiri poyerekeza ndi lipenga. Komanso khutu la munthu silimawerenga ngati masamu a kusukulu, mavayolini awiri samveka kawiri kuposa imodzi, amangokwera pang'ono, kuti khutu limve ngati mawu awirikiza kawiri pamafunika mavayolini pafupifupi 10. Nde kuti a nsambo asamire pamene malipenga alowa, palibe njira ina koma kuwachulukitsa kwambiri ndi kuwaika kutsogolo. Phindu lina nlakuti anthu ambiri akamaimba noti imodzi, aliyense amasiyana ndi mnzake pang'ono pokha, ndipo kusiyana kumeneko nkumene kumapangitsa mawu aja kukhala osalala, ofunda, amene kiyibodi imayesa kutsanzira mukadina batani la strings.

Kumbuyo kwa a nsambo, pakatikati, pamakhala mizere iwiri ya zouzira. Kutsogolo zitoliro zija za flute ndi ma oboe, kumbuyo kwawo ma clarinet ndi ma bassoon. Apa manambala amagwa kwambiri, awiriawiri pa chida chilichonse kukwana anthu 8, nyimbo ikakhala yaikulu atatuatatu kukwana 12, pena anayianayi. Wachitatuyo kawirikawiri amagwira m'bale wake wa chidacho, piccolo kachitoliro kakang'ono kolira pamwamba kwambiri, cor anglais imene ndi oboe yokulirapo, bass clarinet, ndi contrabassoon yolira pansi penipeni. Kusiyana kwawo ndi a nsambo nkwakuti awa aliyense ali ndi mzere wake wa manotsi yekha, palibe obisala kumbuyo kwa mnzake, ukaphonya holo yonse yamva. Oboe ndi bassoon amaziuzira kudzera pa timabango tiwiri tomangidwa pamodzi, clarinet kabango kamodzi, flute ilibe bango ndipo masiku ano imapangidwa ndi chitsulo koma imawerengedwabe m'banja lomweli. Saxophone imene timaikonda ife mu gospel si membala wa nthawi zonse, inabwera mochedwa, Adolphe Sax anailembetsa mu 1846 ndipo imaitanidwa pokhapokha nyimboyo ikaifuna.

Oboe ndi imene imapereka noti yochunira. Asanayambe, holo yonse imakhala zii, wa oboe amaliza noti ya A, kenako ouzira amachuna, kenako a nsambo. Anthu akuluakulu oti aphunzira zoimba moyo wawo wonse koma sayamba nyimbo asanamvetsere noti imodzi kwa munthu mmodzi. Ife kangati timangoyamba gitala ili kwake kiyibodi ili kwake nkumadabwa kuti atena akusochera.

Tsopano malipenga, amene ndikudziwa kuti ambiri mukuwadikira. Kawerengedwe kofala ndi ma French horn 4, mathirampeti 3, mathiromboni 3 ndi tuba 1, anthu 11 okha, ndipo amawaika kumbuyo kwenikweni kutali ndi omvera. Anthu 11 amenewa akafuna atha kukwirira anthu 60 a nsambo aja osamvekanso. Katswiri wina wa ku Russia, Rimsky-Korsakov, anaphunzitsa kuti poimba mokweza thirampeti imodzi imalingana ndi thiromboni imodzi kapena tuba imodzi, koma imalingana ndi ma horn awiri, ndipo horn imodzi imalingana ndi ma clarinet awiri kapena zitoliro ziwiri. Mukawerengera ndiye kuti thirampeti imodzi ndi ma clarinet anayi. Nchifukwa chake ma horn amakhala ochulukirapo kuposa anzawo, kukamwa kwa horn kumaloza kumbuyo ndipo woimbayo amalowetsamo dzanja lamanja, mawu ake amatuluka ofewa oti amagwirizana bwino ndi zouzira zija komanso machelo.

Koma chimene chinandikhudza mtima kwambiri pa anthu a malipengawa si mphamvu zawo, ndi kudikira kwawo. Ndinkamuyang'ana bambo wa tuba atakhala chida chili pamwendo, nyimbo ikupita, iye ali phee akuwerenga mabala, timagawo tija ta nyimbo, mumtima, mphindi zambirimbiri osaliza kanthu, kenako nthawi yake itakwana analowa manotsi ochepa chabe nkukhalanso chete. Symphony yachisanu ya Beethoven, nyimbo yaitali ya okestra ya 1808, ili ndi zigawo zinayi ndipo a mathiromboni saliza kalikonse zigawo zitatu zoyamba, amalowa chigawo chomaliza basi, koma akalowa thupi lonse limachita tsembwe chifukwa khutu linali lisanawamve. Akanakhala kuti akuliza kuyambira pachiyambi sibwenzi pofika pamenepo akukugwira mtima chomwecho. Kwathu kuno mnyamata akagwira lipenga amaona ngati akapuma ndiye kuti anthu aziti sadziwa kuimba, amauzira kuyambira vesi yoyamba mpaka Amen, wa kiyibodi nayenso zala khumi zonse zili pansi nthawi zonse, wa ma drums naye ma cymbal osawapatsa mpata. Aliyense ndi waluso ndithu koma mawu a nyimbo, amene ndi uthenga umene anthu abwerera, amafera pamenepo.

Zomenya sindichedwapo. Pamakhala munthu mmodzi wa timpani, ng'oma zija zooneka ngati miphika ikuluikulu ya kopa zimene amazichuna ndi phazi kuti zilire noti yeniyeni, ndi anthu ena awiri, atatu kapena anayi ogawana ng'oma yaikulu, snare, ma cymbal, triangle, xylophone ndi zina. Pambali pamakhala zeze wamkulu uja wa harp, mmodzi kapena awiri, ali ndi nsambo 47 ndi mapedulo 7, ndipo pena piyano.

Okestra sinayambe ndi kukula chonchi. Nthawi ya Haydn ndi Mozart, m'zaka za m'ma 1700, magulu ambiri anali a anthu 20 kapena 30 ndi kanthu, zouzira ziwiriziwiri, ma horn awiri, mathirampeti awiri pena osakhalapo nkomwe. M'zaka za m'ma 1800 malipenga anaikidwa mavavu, tuba inapangidwa mu 1835, maholo anakula, olemba nyimbo anayamba kufuna malipenga ochuluka, ndipo malipenga akachuluka a nsambo nawo amayenera kuwonjezeredwa kuti sikelo isapendekeke. Zinafika poti Mahler poimbitsa symphony yake ya nambala 8 ku Munich mu 1910 panali oimba pafupifupi 1,000 kuphatikiza makwaya. Nde ngati gulu lanu ndi la anthu 25 musadzione ochepa, nkhani ndi yakuti 25 yo mwaigawa bwanji.

Ndipo kunena zoona nzeru imeneyi si ya azungu okha, ife a ku Kasungu tinakula tikuiona ku mganda. Ng'oma yaikulu imakhala imodzi ndi kang'oma kothandizira, pomwe oliza badza ndi mzere wathunthu, palibe gulu la mganda limene lingabweretse ng'oma zikuluzikulu zisanu nkusiya badza ziwiri. Makolo ankadziwa kuti cholira kwambiri chikhale chimodzi, cholira pang'ono chichuluke. Tinangozitaya pamene magetsi ndi maampulifaya anabwera, aliyense nkukhala ndi batani lake la voliyumu.

Nditabwerako ku Joni anandipatsanso kwaya ya pa tchalitchi pathu, ndipo ndinaipeza mmene makwaya ambiri alili, amayi ndi atsikana pafupifupi onse ali ku sopulano chifukwa ndi kumene kuli tchuni chodziwika, alito ochepa, atena owerengeka, abambo a besi angapo amene amabwera mochedwa nthawi ya fodya chifukwa cha ntchito ya kuzigafa. Choyamba ndinamvetsera munthu aliyense payekhapayekha, osati pagulu, kumuimbitsa kuchokera pansi kukwera mpaka pamene mawu ayamba kufinyika. Ndinapeza kuti amayi ambiri amene ankadzikakamiza ku sopulano ndi alito abwino zedi, mawu awo enieni ali pakati. Kuwasamutsa sikunali kophweka, mayi ena akuluakulu anandiuza kuti "aphunzitsi, ine ndaimba sopulano musanabadwe inu", nde ndinawapempha mwaulemu kuti amayi tangoyesani nyimbo imodzi yokha mwezi uno, ikakukanikani mubwerera. Sanabwererenso, panopa ndi amene amatsogolera alito.

Kwaya siitsatira manambala a okestra ndendende, chifukwa mawu a anthu ali ndi chikhalidwe chawo, mawu okwera a sopulano amaboola okha pomwe alito ndi tena amamira msanga. Chimene ndimayesetsa nchakuti asopulano asapose alito ndi anthu ambiri, ndipo abambo onse pamodzi, tena ndi besi, asachepere theka la amayi. Zikakanika chifukwa abambo kulibe, ndimawaika abambowo pakati komanso kutsogolo pang'ono m'malo mowabisa kumbuyo monga tinazolowera, ndipo asopulano ndimawauza kuti aimbe ndi theka la mphamvu zawo. Lamulo limene ndimawapatsa ndi limodzi, ngati sukumumva mnzako wa mawu ena amene waima naye pafupi ndiye kuti wakweza kwambiri.

Kenako zida. Ma drums tinawachotsa pambali pa kwaya nkuwapititsa kumbuyo pakona, ndipo mnyamata wake pa mavesi amagwiritsa timitengo topepuka, ma cymbal amawasungira pa kolasi yomaliza. Malipenga awiri amene tili nawo amaima kumbuyo kwa abesi ndipo saloza kukamwa kwa lipenga m'makutu mwa oimba, komanso sitiwapatsa maiki, lipenga silifuna maiki mu tchalitchi cha malata. Amalowa poyambira nyimbo, pakati pa mavesi pamene kwaya ikupuma, ndi kumapeto. Poyamba anyamatawo ankaona ngati ndawachepetsa, ndinawaonetsa vidiyo ya okestra pa foni kuti aone okha mmene akatswiri amakhalira chete, ndipo atamva anthu akuwayamikira potuluka kuti lero malipenga anamveka bwino anayamba kuzikonda okha. Voliyumu ya kiyibodi ndi besi timaitchera kwaya ikuimba popanda maiki, ine nditaima kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, ndipo ndikasiya kumva mawu a nyimbo ndimakweza dzanja kuti tsitsani. Ubwino wina nkuti magetsi akazima pakati pa nyimbo kwaya simabalalika, imangopitiriza chifukwa inazolowera kudzimva yokha.

Pali nkhani ina imene imayambanitsa anthu m'mabandi a m'tchalitchi, wa kiyibodi akuti tili mu C, wa lipenga akuliza C wake koma sizikugwirizana, nkuyamba kulozana zala. Palibe olakwa, zida zina zimalira mosiyana ndi dzina la noti imene woimbayo wagwira. Thirampeti wamba ndi clarinet ndi za B flat, zimalira toni imodzi pansi, nde kiyibodi ikakhala mu C iwo aimbe mu D, ikakhala mu F iwo mu G, ikakhala mu G iwo mu A. Alto sax ndi ya E flat, kiyibodi mu C iye mu A. French horn ndi ya F, kiyibodi mu C iye mu G. Flute, oboe ndi vayolini zilibe vuto limeneli. Ndipo inu a kiyibodi amene mumaimba nyimbo zonse mu kiyi imodzi nkumadina transpose, muziwauza anzanuwo kiyi yeniyeni imene ikutuluka mu sipika osati imene zala zanu zagwira. Ine ndinalemba zimenezi pa katoni nkukhoma pakhoma pamene timapangira pulakatisi.

Kwa amene mumajambula nyimbo m'masitudiyo ang'onoang'ono pa boma apa kapena ku Chinkhoma ndi kwina, kudziwa okestra kukuthandizani kuti strings ndi brass za mu kiyibodi zizimveka ngati zenizeni. Vayolini siitsika kupyola G amene ali pansi pa C wapakati, nde mukaitsitsa kuposa apo khutu limadziwa kuti ichi nchabodza, kumeneko ndi kwa viyola ndi chelo. Manotsi a pansi muziwatalikitsa, dzanja lamanzere ligwire octave kapena noti ziwiri zotalikirana basi, ma chord othinana muziwaika pamwamba, mukathinitsa pansi zimangomveka phala. Mukasankha flute kapena thirampeti kumbukirani kuti munthu weniweni amapuma, siyani mipata, ndipo flute imodzi imaliza noti imodzi pa nthawi osati chord yonse. Brass isamayende nyimbo yonse. Ndipo musayambe ndi zida zonse pa vesi yoyamba, yambani ndi zochepa muziwonjezera pang'onopang'ono kuti pofika kumapeto mukhale ndi chowapatsa anthu.

Kuti muone zimene ndikunenazi simukufunika kupita ku Joni. Pa YouTube pali makonsati athunthu, mukagula bandulo ya usiku mutha kutsitsa imodzi nkumaionera mobwereza. Yambani ndi The Young Person's Guide to the Orchestra ya Benjamin Britten, anailemba mu 1945 ndi cholinga chophunzitsa ana, imaonetsa banja lililonse palokha, kenako chida chilichonse pachokha, kenako onse pamodzi, ndipo siitenga mphindi 20. Koma chonde mverani ndi mahedifoni, kasipika ka foni sikatulutsa machelo ndi madabulo besi, mungomva theka la nyimbo. Ulendo woyamba ingomverani, wachiwiri sankhani chida chimodzi muzichitsatira chokhacho, muone pamene chalowa ndi pamene chakhala chete. Komanso bandi ya apolisi kapena ya asilikali ikamaimba pa zochitika za boma monga pa 6 July muziiyang'anitsitsa, mabandi oguba sakhala ndi mavayolini nde ntchito ija ya mavayolini amaipatsa ma clarinet, nchifukwa chake m'mabandi otere ma clarinet amakhala ambiri kuposa zouzira zinzake. Amene mukufuna kuphunzira mozama kuwerenga manotsi a sitafu kuwonjezera pa solofa yathuyi, ku Lilongwe kuli Music Crossroads ku Area 23, ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwera kuchokera kuno.

Ena amandiuza kuti zimenezi nzosatheka kwa amphawi ngati ife, zimandipweteka ndikamva choncho. Ku Kinshasa kuli Orchestre Symphonique Kimbanguiste imene Armand Diangienda anayambitsa mu 1994 ndi anthu oti ambiri sankadziwa nkomwe kugwira vayolini, zida zinali zochepa moti ankachita kubwerekana, nsambo ikaduka ankamangapo waya wa buleki ya njinga, zida zina nkumasema okha, koma anafika poimba Beethoven ndipo dziko lonse linawadziwa. Ku Soweto kuli Buskaid imene yaphunzitsa ana a m'makomboni zida za nsambo kuyambira m'ma 1990. Ana athu a ku Chamama ndi ku Chulu makutu awo ndi omwewo, mwana oti amagwira alito payekha osaphunzitsidwa atha kuimba viyola.

Mpingo wanu ukapeza kandalama kogulira zida, kapena abale akunja akafuna kukutumizirani, apa mpamene manambala aja amagwira ntchito. Ngati muli kale ndi mathirampeti awiri musagule lachitatu, pezani cholira pansi monga thiromboni kapena euphonium, kenako ma clarinet kapena ma flute, ndipo amenewo agulidwe awiriawiri kuti azimveka komanso kuti ophunzira azilimbikitsana. Mukafuna kuyamba za nsambo kagulu kochepetsetsa kokwanira bwino ndi mavayolini awiri, viyola ndi chelo, anthu anayi amenewa atha kuimba nyimbo iliyonse ya m'buku la nyimbo chifukwa mawu anayi aja alipo onse. Ana ang'onoang'ono ayambe ndi ma recorder apulasitiki, ndi otchipa ndipo amaphunzirapo kupuma ndi kuwerenga manotsi. Pogula lipenga la kaunjika dinani mavavu onse muone ngati akubwerera okha, kokani timapaipi tochunira muone ngati sitinagwirane ndi dzimbiri, ndipo mugulire limodzi mafuta ake a mavavu, musathiremo mafuta ophikira kapena oilo wa galimoto. Clarinet muifunse ndi mabango apadera chifukwa amatha msanga ndipo kuno sapezeka. Vayolini ndi yomata ndi guluu, kutentha kwa mwezi wa October mu chipinda cha malata kapena mu galimoto yotseka kumaimatula, nde izikhala mu bokosi lake pamalo ozizira, nyengo ya mvula isagone pansi pa simenti, ndipo mukamaliza kuimba muzimasula uta kuti ubweya uja usakhale okokeka.